Transimita Yoyamba ya Exildah

Loweruka m'mawa, Exildah anathamanga m'tinjira ta ku Kanyama atabereka chikwama cha zida kumsana. Mvula inali itagwa masiku atatu otsatizana, ndipo komboni yonse inali zithaphwi zokhazokha. Ankalumpha kuchoka pamwala wina kupita pa wina, komabe pofika pamsika nsapato zake zinali zitadzaza matope. Madzi anali paliponse kupatula m'mipopi.

Atakhota pa tchalitchi anaona mzere wa zigubu zachikasu, kuyambira pampopi mpaka kumsewu. Amayi anali ataima m'magulu, ena ali ndi ana kumbuyo, ndipo onse ankalankhula nthawi imodzi. Pakhomo la kanyumba ka pampu panaima bambo ake, Ba Mukupa, chipewa chili m'manja, akulandira mawu onse amene ankaponyeredwa.

"Bashi Exildah, zaka zonse izi manzi siyanavutepo so!" anakuwa Bana Chola, mayi wogulitsa zitumbuwa pamsika, akulankhula ndi bambo a Exildah. "Manje mwaika vinthu vanu vatsopano, onani. Tizaphika na chani? Bana tizabasambika na chani?"

"Pepani, mayo," anatero Ba Mukupa mofatsa. "Injiniya ali panjila. Uyo, wafika."

Maso onse anatembenukira kwa Exildah. Iye anangowerama n'kudutsa pakati pa zigubuzo, osapatsa moni aliyense.

Exildah anali ndi zaka makumi awiri. Anali atangomaliza maphunziro kukoleji ya zaumisiri, kumene anaphunzira kuika ndi kukonza zipangizo zoyezera za m'mafakitale. Kampani ina yaing'ono inamulemba ntchito moyesera kwa miyezi itatu, ndipo miyeziyo inkatha sabata yotsatira. Bambo ake sanapitirire giredi seveni. Anachoka ku Mporokoso ali mnyamata, anaphunzira za mapaipi poonera ena, ndipo kwa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi anali akusamalira pampu ya komiti ya madzi ya m'dera lawo. Ankaiyatsa ndi kuizimitsa okha. Geji yakale yoonetsa mphamvu ya madzi inali itafa kalekale, choncho ankangoika dzanja papaipi yaikulu n'kudziwa ngati madzi ali ndi mphamvu kapena ayi. Koma munthu sakhala pamalo amodzi tsiku lonse. Akachedwa kuzimitsa, paipi inkaphulika kwinakwake m'komboni. Akachedwa kuyatsa, mipopi inkauma. N'chifukwa chake komiti inagula transimita.

Transimitayo inali kachipangizo kabuluu, kakakulu ngati chibakera cha munthu wamkulu, kokhala ndi kawindo koonetsa manambala. Ntchito yake inali kumva mphamvu imene madzi akukankhira m'paipi, imene amisiri amati pulesha, n'kutumiza uthenga kudzera m'mawaya awiri kupita kubokosi la magetsi lapakhoma. Pulesha ikatsika, bokosilo linkayatsa pampu. Ikakwera kwambiri, linkazimitsa.

Lachiwiri la sabata yomweyo, Ba Maud, bwana wa Exildah, anamusiya pakanyumbapo ndi galimoto ya kampani.

"Nili na nchito ina ku Matero," anatero Ba Maud. "Iyi uidziwa, taichitapo pamodzi kabili. Ika weka. Nizabwela pa Satade kuona na kusaina."

Tsiku limenelo Ba Mukupa anavala ovololo yosita bwino. Anamugulira mwana wawo botolo la maheu, ndipo aliyense wodutsa ankamuitana kuti adzaone. "Uyu ni mwana wanga woyamba," ankatero. "Nili kumuthandiza chabe kugwila vitsulo. Nzelu zonse ni zake."

Exildah anayendera paipi yaikulu uku ndi uku. Kukoleji anaphunzira kuti popima madzi, bowo la transimita limabooledwa m'mbali mwa paipi, osati pamwamba kapena pansi. Koma kuboola kukanafuna kuzimitsa pampu, kutulutsa madzi onse, kupeza makina owotcherera zitsulo. Tsiku lonse likanathera pomwepo. Atagwada, anaona kunsi kwa paipi kuli bowo kale, lotsekedwa ndi chitsekerero chachitsulo. Mtima wake unakondwa.

"Nizaika apa," anatero.

Ba Mukupa anagwada pafupi naye n'kulankhula motsitsa mawu. "Mayo, apo ni pamene nichotsela mchenga. Manzi ya kuno, mvula ikayamba, yamabwela na mchenga wambili. Wonse umakhala pansi."

Pakhomo panali amuna awiri a komiti amene anabwera kudzaonerera. Exildah anawaona akuyang'anizana, ndipo nkhope yake inatentha.

"Batata, iyi si nchito ya sipanala," anayankha mokweza kuposa mmene ankafunira. "Ivi vinthu tinaviphunzila zaka zibili. Nisiyeni nigwile nchito."

Ba Mukupa anaseka pang'ono n'kudzuka, akusasa maondo. "Ni zoona. Iwe ndiwe udziwa."

Zina zonse Exildah anazichita mwaukhondo. Anakulunga tepi yoyera pamazinga, anamangapo vavu yaing'ono yotsekera ndi kutsegulira madzi, n'kupinda kapaipi kachitsulo kowonda ngati pensulo kuchokera pavavupo kukafika patransimita. Transimitayo anaimangirira pakhoma, kutali ndi kunjenjemera kwa pampu. Anamasula kasikuluwu kotulutsira mpweya mpaka madzi anatuluka opanda thovu. Anaonetsetsa kuti ikakhala yopanda madzi ikuwerenga ziro. Analumikiza mawaya, wofiira pake, wakuda pake, n'kumanga zolimba polowera mawayawo kuti chinyezi chisalowe. Pomaliza anatembenuza switchi ya pabokosi, ndipo patapita mphindi zochepa pampu inadzuka yokha, popanda woigwira.

Ba Mukupa anadumpha ngati mwana. "Mwaona? Yayaka yeka! Mwaona imwe?" Anawomba m'manja mpaka amuna a komiti aja nawonso anayamba kuwomba.

Akutseka chikwama chake, Exildah anawauza kuti, "Manje, Batata, mu bokosi umu musagwile chilichonse. Vikavuta, niitaneni ine."

"Sinizagwila, mayo," anatero Ba Mukupa.

Tsopano linali Loweruka, ndipo pampu inali chete. Exildah anayang'ana pakawindo ka transimita. Panalembedwa 3.4, nambala yabwinobwino, yosonyeza kuti paipi ndi yodzaza. Bokosi la magetsi linkakhulupirira nambala imeneyo, choncho silinaone chifukwa choyatsira pampu. Koma panja mipopi inkangotulutsa mpweya.

Anatsegula bokosilo n'kuona mafyuzi. Onse anali amoyo. Anagwedeza mawaya, onse anali olimba. Anatulutsa mita yake n'kupima magetsi ochokera kutransimita, ndipo anagwirizana ndendende ndi nambala ya pakawindo. Anapimanso kachiwiri. Thukuta linayamba kutsikira m'khosi mwake ngakhale kunja kunali kozizira.

"Ise tatopa!" anamveka Bana Chola panja. "Tiyeni tikatape ku chitsime cha kwa Ba Chiti."

Exildah anadziwa chitsimecho. Chinali chosazama, kuseri kwa nyumba, pafupi ndi zimbudzi zimene mvula inali itazisefukiritsa. Anaona bambo ake akuthamangira kumsewu n'kuima kutsogolo kwa amayiwo atatambasula manja.

"Napapata, osatapa kuja," anawachonderera. "Mwaibala kolela? Mwaibala bana bamene tinanyamula pa wilibala kupita nabo ku kiliniki? Tipatseni chabe mphindi khumi."

Amayiwo anang'ung'udza, koma anatula zigubu pansi. Ba Mukupa atabwerera m'kanyumbamo, Exildah anawafunsa nthawi imene pampu inasiya.

"Napeza ili zii pa sikisi. Nati kapena iziba yeka vamene ichita, nayembekeza. Pamene bantu bachuluka ndiye nakutumila foni."

"Nanga bwanji simunayatse na manja? Switchi ni iyi apa!"

Ba Mukupa anamuyang'ana modabwa. "Unakamba kuti nisagwile."

Maola awiri athunthu bambo ake anaima pakhomopo akunyozedwa, switchi ili pafupi ndi phewa lawo, chifukwa chosafuna kuphwanya mawu a mwana wawo. Exildah anatembenuza switchiyo kuti pampu iyende popanda kudikira transimita. Pampu inatsokomola, kenako inayamba kulira. Patapita kanthawi kunja kunamveka phokoso la madzi akugwera m'chigubu chopanda kanthu, ndi mawu a ana akukuwa kuti manzi yabwela.

Ba Mukupa anaika dzanja papaipi yaikulu n'kutsinzina. "Manje ndiye paipi iyamba kudzala," anatero. "Mphamvu ikwela pang'ono pang'ono. Nanga nambala yako ikamba chani?"

Exildah anayang'ana. Inali idakali 3.4. Sinasunthe ngakhale pang'ono, pampu ili chete kapena ikulira.

"Kapena siimvela chabe," anatero Ba Mukupa mosamala, ngati munthu wopempha chinthu. "Monga muntu ali na thonje m'makutu."

Exildah anagwada pang'onopang'ono. Anatseka vavu yaing'ono ija, anamasula kapaipi kowonda n'kukayang'ana cha kuwala kwa pakhomo. Sikanaoneke kuwala kulikonse. Atakagogoda pasimenti, munatuluka kamchenga konyowa, kofiirira, kolimba ngati dothi loumbira njerwa. Mchengawo unali utatseka kapaipi konse n'kutsekera madzi a dzulo mkati. Transimita sinaname. Inkangonena za timadzi timene tinatsekeredwamo, osadziwa kuti paipi yaikulu yauma.

Anakhala pakireti yomwe inali pakona n'kuphimba nkhope ndi manja. Ankayembekezera kuti bambo ake amukumbutsa za Lachiwiri. Koma iwo anangotola kapaipiko, anatenga kawaya m'thumba la ovololo n'kuyamba kuchokocha mchengawo, akuimba kanyimbo ka kutchalitchi chapansipansi.

"Osalila, mayo," anatero osamuyang'ana. "Paipi yanga yoyamba ninamanga chagada. Manzi yanangena mu shopu ya mwenye, yananyowetsa shuga yonse. Ninathawa masiku yatatu."

Exildah anaseka misozi ili m'maso. Nthawi yomweyo panja panaima galimoto.

Ba Maud analowa atavala mabuti a mphira, fayilo ili m'khwapa. Anali mayi wamfupi, wa mawu ochepa, amene anagwira ntchito m'migodi ya ku Kitwe asanayambe kampani yakeyake. Anayang'ana switchi, anayang'ana kamulu ka mchenga pasimenti, kenako anawerama n'kusuzumira kunsi kwa paipi. Anakhala chowerama nthawi yaitali.

"Nindani anasankha malo aya?" anafunsa.

"Ndine, madamu," anayankha Ba Mukupa mwachangu, akuvulanso chipewa. "Ninamuuza mwana kuti aike apo, kuti tisazimye pampu tsiku lonse. Yeve anakana, ine ninakakamiza. Muziba ise bakudala, tili na makani."

Ba Maud anatembenukira kwa Exildah. "Ni zoona?"

Exildah anangofunika kugwedeza mutu basi. Sabata yamawa akanalembedwa ntchito yokhazikika. Anaganiza za amayi ake amene anali atauza kale anzawo onse a pamsika wa Soweto kuti mwana wawo ndi injiniya. Kenako anayang'ana bambo ake. Anali ataweramitsa mutu, imvi zikuonekera pamwamba, zala zawo zokhakhala zikupotokola chipewa. Munthu amene sanaumitsepo mipopi motere kwa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ankafuna kulembedwa m'fayilo ngati wosadziwa ntchito.

"Si zoona, Ba Maud," anatero Exildah. "Ndine ninasankha. Ninaziba kuti bowo ifunika m'mbali, koma ninafuna kutsiliza mwamsanga. Batata bananiuza za mchenga. Ninabayankha voipa pamaso pa bantu, ndipo ninabaletsa kugwila switchi. Ndiye chifukwa manzi yanauma."

"Iwe mwana," anadandaula Ba Mukupa chapansipansi.

Ba Maud anatsegula fayilo n'kulemba kwa kanthawi.

"Ba Mukupa, bodza siikuyenelani," anatero potsiriza. "Mwezi watha pamene ninabwela kupima malo, ndimwe munanionetsa chitsekelelo chija na kuniuza za mchenga. Mwaibala?" Kenako anayang'ana Exildah. "Ivi nalemba mu lipoti, vizakhala momwemo. Miyezi yako yoyesela naiwonjezela umodzi, ndipo suzagwila nchito weka mpaka nikakambe. Na ine ninalakwa kukusiya osabwelako pa Wenizide. Koma sembe unagwedeza mutu apa, sembe chikwama icho wachisiya mu galimoto yanga lelo lomwe. Wamvela?"

"Namvela."

"Manje konza. Nizakhala pano mpaka utsilize."

Anadikira mpaka chigubu chomaliza chitadzaza. Bana Chola, pochoka, anasuzumira pakhomo n'kusiya zitumbuwa zinayi zokulunga m'pepala. Cha m'ma leveni anazimitsa pampu n'kutulutsa madzi m'paipi. Ba Mukupa anapita kwa Dixon, wowotcherera mageti pamsewu, n'kubwera naye atanyamula makina ake pawilibala.

Exildah anatenga choko. Anaima pafupi ndi paipi, kenako anapereka chokocho kwa bambo ake.

"Batata, nionetseni pamene tiboole."

Ba Mukupa anayang'ana chokocho ngati sanachionepo. Kenako anayenda m'mbali mwa paipi akuisisita ndi dzanja. Anadutsa pokhota. "Apa manzi yamazungulila maningi, siyakhazikika." Anadutsanso pafupi ndi pampu. Atafika pamene paipi inawongoka, anajambula kamtanda m'mbali, pakatikati. Exildah anayang'ana Ba Maud, ndipo iwo anagwedeza mutu kamodzi.

Anaboola, Dixon anawotcherera soketi yomangirapo vavu, ndipo chitsekerero chakale chinabwerera kunsi kumene chinali. Ulendo uno Exildah anapinda kapaipi katsopano kuti kazitsetsereka pang'ono kupita kutransimita, n'kuika kavavu kena kumapeto kotsukira. Bambo ake ankamupatsira zida asanazitchule n'komwe. Anatulutsanso mpweya, anaonanso ziro, anapimanso mawaya. Atabwezera switchi, pampu inadzuka yokha, ndipo nambala inayamba kukwera: 1.8, 2.5, 3.0. Itafika pamene anaikonzera, pampu inazima. Ba Maud anatuma Dixon kuti akatsegule mipopi yonse. Nambala inatsika, pampu inayakanso. Anayesa katatu asanasaine.

Galimoto itapita, Exildah anakokera kireti ija pafupi ndi khoma n'kukhazikapo bambo ake.

"Manje ni nthawi yanu ya sukulu," anatero. "Mande iliyonse, mutseke vavu iyi, mutsegule aka ka pansi. Nambala ifunika kutsika mpaka ziro. Mukatsegula futi ya pamwamba, musiye manzi yatuluke mpaka yayele, ndiye mutseke ka pansi. Muone ngati chivundikilo ni cholimba, na mawaya ngati makoswe siyanadye. Mulembe nambala mu buku. Ndipo mukaona nambala yaima malo yamodzi, koma dzanja lanu likamba vina, mukhulupilile dzanja. Mutembenuze switchi iyi, ndiye munitumile."

"Iyi yomwe?" anafunsa Ba Mukupa. Anatambasula dzanja, koma linaima m'malere. "Nanga nikaononga?"

Exildah anagwira dzanjalo n'kuliika paswitchi, lake lili pamwamba. Anatembenuza limodzi, uku ndi uku. Kachitatu anachotsa dzanja lake, ndipo bambo ake anatembenuza okha. Anamwetulira mpaka mpata wa dzino lawo loguluka unaonekera. Kenako anagawana zitumbuwa za Bana Chola, zitazizira kale, atakhala pakhomo la kanyumbako.

Lolemba m'mawa Exildah anali m'minibasi yopita ku Chawama, kumene Ba Maud ankamudikira pafakitale ina ya zakumwa. Anali atapanikizidwa pampando wakumbuyo, chikwama chili pamiyendo, pamene foni yake inalira.

"Mayo!" anakuwa Ba Mukupa, moti anthu a mipando itatu anatembenuka. Iwo ankakhulupirira kuti pafoni munthu ayenera kukweza mawu molingana ndi kutalika kwa mtunda. "Natsuka! Inatsika mpaka ziro, yabwela pa fili poyinti wanu. Nalemba mu buku na deti. Mchenga unali ung'ono chabe, monga wa pa supuni."

"Mwachita bwino, Batata."

"Koma pali kanthu kena. Pa vavu ikulu ya panja padontha pang'ono. Sininagwile. Nati niyembekeze iwe uzaone."

Exildah anatsegula pakamwa kuti anene kuti adzabwera madzulo. Kenako anasintha maganizo.

"Imwe muona monga ni chani, Batata? Tichite bwanji?"

Exildah anayang'ana foni kuti aone ngati yaduka. Kenako anamva bambo ake akukonza pakhosi.

"Ah," anatero, mawu atatsika tsopano. "Ija vavu nimaiziba bwino. Inabwela chaka chamene unayamba giledi wanu. Vuto yake ni iyi..."

Exildah anatulutsa kabuku ndi cholembera m'chikwama n'kutsamiritsa pabondo. Bambo ake analankhula njira yonse, kudutsa pa Misisi mpaka kukhota kwa ku Chawama, ndipo iye analemba masamba awiri. Kondakitala anachita kumugwedeza paphewa kuti atsike, chifukwa basi inali itafika kale pasiteshoni.